Phazi la Abuleki Linkakana Kuweruka

Mphaka ndiye anayamba kudziwa kuti zinthu sizili bwino m'nyumbamo. Banja likakhala patebulo kudya, iye ankakonda kugona kunsi, pafupi ndi mapazi a mwininyumba. Koma mwezi wina phazi lakumanja la bamboyo linayamba kuponda pansi lokha, mwamphamvu ngati likufuna kuboola simenti. Atapondedwa mchira katatu, mphakayo anasamukira pamwamba pa kabati.

Bambowo ntchito yawo inali yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Kwa zaka khumi ndi zinayi ankakhala pampando wa pambali pa dalaivala, m'kagalimoto koyera ka sukulu, kamene kanali ndi buleki yachiwiri yoti iwo aziponda wophunzira akalakwitsa. Dzina lawo lenileni anthu anali ataliiwala. Aliyense, kuyambira abwana awo mpaka ogulitsa nyuzi pakona, ankawaitana kuti Abuleki, poti ndilo liwu limene linkatuluka kawirikawiri pakamwa pawo.

Vuto linali lakuti iwo akaweruka, phazilo silinkaweruka. Akazi awo akamathira tiyi, kapu n'kutsala pang'ono kudzaza, phazi linkaponda. Mwana wawo wamkazi, wa ku sekondale, akatulukira kukhitchini mofulumira atanyamula mbale, phazi linkaponda. Tsiku lina m'basi anaponda chala cha mayi wina wosamudziwa, basiyo itangoyandikira njinga, ndipo anapepesa kosalekeza mpaka mayiyo anatsika asanafike kumene ankapita.

Akazi awo anali telala, ankasokera pakhonde. Ankawauza kuti nawonso amaponda makina tsiku lonse, koma phazi lawo limadziwa nthawi yoweruka.

Poyamba zinkaseketsa. Kenako kuseka kunatha. Abuleki mutu unkawapweteka chakunkhongo, mapewa ali gwa ngati thabwa. Tulo sitinkabwera bwino, ndipo m'mawa ankadzuka otopa kuposa mmene anagonera. Mapilitsi a mutu ankawatafuna ngati mtedza, koma mutuwo unkangopumula ola limodzi n'kubwereranso. Ankatha kufunafuna makiyi nyumba yonse, akukalipira aliyense, makiyiwo ali m'dzanja mwawo. Mwana uja, amene kale ankalongolola nkhani za kusukulu mpaka chakudya kuzizira, anayamba kudya mofulumira n'kulowa kuchipinda kwake.

Akazi awo akawafunsa kuti chavuta n'chiyani, yankho linkakhala limodzi: Ahedi.

Ahedi anali mayi wachikulire amene anapuma pa ntchito yoyang'anira sukulu ya pulaimale, ndipo tsopano ankaphunzira galimoto. Mayeso anali atalephera kanayi. Sikuti mutu wawo sunkagwira ayi; malamulo a pamsewu ankawatchula osaphonya ndi limodzi lomwe. Chovuta chinali chakuti theka la anthu oyenda mumsewu anawaphunzitsa ndi iwowo, ndiye aliyense ankafunika kumupatsa moni kapena kumudzudzula. Komanso ankakhulupirira kuti kulankhula ndi munthu osamuyang'ana kumaso n'kupanda mwambo, ndipo ndi Abuleki ankalankhula ola lonse.

Lachitatu lina masana, ali pa raundabauti, Ahedi anaona mwamuna wandevu akupalasa njinga, malaya osapisira. Anamuzindikira kuti anali m'kalasi mwawo zaka makumi awiri zapitazo. Anatsitsa galasi kuti amuuze apisire malayawo. Munthuyo sanamve, choncho iwo anazungulira raundabautiyo kachiwiri, kenako kachitatu. Magalimoto onse ankaliza mahutala, ndipo lole ya mchenga inadutsa pafupi kwambiri moti Abuleki anawerenga mabawuti a teyala lake.

Pamenepo mtima wawo unayamba kugunda ngati munthu wotsekeredwa m'bafa akumenya chitseko. Pachifuwa panathina, thukuta linatsika, zala zinachita dzanzi. Anaponda buleki, ndipo pakamwa panatuluka mawu amene sanawakonzekere: anauza mayi wamkuluyo kuti akanakhala kuti akuphunzitsa mbuzi, bwenzi itatenga kale laisensi.

Ahedi anaimika galimoto pambali pa msewu, mowongoka bwino kwa nthawi yoyamba chiyambire, anakoka handibuleki, anatenga chikwama chawo n'kumapita wapansi.

Kuofesi abwana anali atamva kale. Anati limeneli ndi dandaulo lachitatu mwezi umodzi, ndipo likadzabwera lachinayi Abuleki adzangosiya makiyi patebulo.

Abuleki anafika kunyumba dzuwa likadalipo, dzanja lili pachifuwa. Anakhala pakhonde, pampando wa makasitomala, n'kuyamba kuuza akazi awo modekha kumene kuli mapepala ofunika a banja, komanso suti imene akufuna kuti adzawaveke. Akazi awo anasiya diresi pamakina, anakhoma chitseko, n'kunena kuti nkhani ya sutiyo aimalizira ali m'njira yopita kuchipatala.

Kuchipatala anawalowetsa msanga atamva za pachifuwa. Adokotala anawamvetsera mtima, anawamata timawaya pachifuwa, n'kunena kuti mtimawo uli bwino. Kenako anawatumiza kwa anesi, mayi wamfupi wa magalasi omangirira chingwe. Shuga anali bwino. Bipi inali itakwerako, koma atawakhazika phee kwa mphindi khumi n'kuyezanso, inatsika ndithu.

Abuleki anakhumudwa. Munthu wasankha kale suti, kenako n'kuuzidwa kuti palibe chawonongeka.

"Ndiye mukuti ndikunamizira, anesi?"

"Ayi bambo, simukunamizira. Ndipo mwachita bwino kubwera, chifukwa ululu wa pachifuwa sitikhala nawo kunyumba. Koma tandiuzani, inu odziwa galimoto. Galimoto itaima, munthu n'kumangoponda moto kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chingachitike n'chiyani?"

"Injini itentha. Ikhoza kufa kumene."

"Ndi zimene zikuchitikira thupi lanu."

Anafotokoza kuti vutoli limatchedwa kupsinjika maganizo, ena amati kupanikizika. Thupi likaona ngozi limadzikonzekeretsa lokha: mtima umathamanga, minofu imakungika, mpweya umafupika. Zimenezo n'zabwino pamene lole ikubwera, chifukwa ndi zimene zimafulumizitsa phazi. Koma ngoziyo ikadutsa, thupi limayenera kubwerera m'malo. Likapanda kubwerera kwa milungu ndi miyezi, mutu umapweteka, tulo timathawa, m'mimba mumavuta, munthu amapsa mtima ndi tinthu tating'ono, ndipo pakapita nthawi bipi ikhoza kukwera n'kukhazikika pamwambapo.

Kenako anatenga pepala la mafunso. Anafunsa kuti mwezi wathawu ndi kangati pamene anaona ngati zinthu zawakulira. Abuleki anati mwa apo ndi apo. Akazi awo anatsokomola. Anafunsa ngati amakwiya ndi zinthu zimene kale sizinkawakwiyitsa. Anati osati kwenikweni. Akazi awo anatsokomolanso. Pofika funso lachisanu, anesi ankati akafunsa, n'kudikira kaye chifuwa cha amayiwo asanalembe. Abuleki ataona kuti sizithandiza anayamba kuyankha zoona, ndipo chifuwacho chinapola.

Anesi anafunsanso mosazungulira ngati amamwa mowa kuti apeze tulo, komanso ngati anayamba aganizapo zodzivulaza. Anati ayi, ndipo ulendo uno panalibe wotsokomola.

Mayankho onse atawaika pamodzi anasonyeza kuti kupsinjikako kunali kwakukulu. Abuleki anadabwa kuti chinthu cha m'maganizo chingayezedwe, poti sichikwera pasikelo. Anesi anati n'zoona kuti palibe makina amodzi oyezera, koma mafunso, bipi ndi kabuku zikaphatikizana zimaonetsa mmene zinthu zilili. Anawauza kuti apeze kabuku, ndipo kanayi patsiku azilemba nambala kuyambira ziro mpaka teni. Ziro ndiye kuti mtima uli m'malo, teni ndi za pa raundabauti zija. Pambali pa nambalayo azilemba chimene chikuchitika, chimene thupi likumva, ndi chimene adya. Anawaphunzitsanso kapumidwe: kukoka mpweya ndi mphuno akuwerenga mpaka folo, n'kuutulutsa pang'onopang'ono akuwerenga mpaka sikisi, kwa mphindi ziwiri. Anati abwerenso pakatha milungu iwiri.

Panjira Abuleki anang'ung'udza kuti kupuma anayamba tsiku lobadwa, ndipo sankayembekezera kudzakuphunzira ali ndi imvi. Koma kabuku anagula.

Tsiku loyamba analemba teni malo onse anayi. Akazi awo ataona anafunsa ngati tiyi wam'mawa nayenso anali raundabauti. Anafufuta n'kulemba faivi. Pang'onopang'ono anayamba kusiyanitsa. Pa folo mapewa ankangokwera, pa sikisi nsagwada zinkalumana, pa eyiti phazi linkayamba kufunafuna buleki. Anazindikira kuti thupi linkawachenjeza kale pakamwa pasanatseguke, kungoti iwo sankamvetsera.

Chovuta kwambiri chinali kukapepesa kwa Ahedi. Ahediwo anawasiya ataima pakhomo kwa kanthawi, manja ali kumbuyo ngati mwana wochedwa kusukulu, kenako anawalowetsa. Pabalaza panali amuna awo a Ahedi, atakhala pafupi ndi wailesi. Polonjerana, bambowo anapereka dzanja kumbali kumene kunalibe munthu. Ahedi anafotokoza kuti ndiwo ankayendetsa galimoto ya banja zaka zonse, koma maso anafooka, ndipo kuchipatala cha maso amayenera kupita pafupipafupi. Galimotoyo inangokhala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake. Kenako Ahedi anatembenukira kwa Abuleki.

"Aphunzitsi, mumaganiza kuti ndimalongolola chifukwa chosangalala? Ndikangogwira chiwongolero chija mantha amandigwira. Ndikakhala chete ndimamva mtima wanga ukugunda, ndiye bola ndizilankhula."

Abuleki anachita manyazi kuposa mmene anabwerera. Anawaonetsa kabuku kaja. Ahedi anayamba akonza mawu awiri olembedwa molakwika, kenako anati pa nambala zimenezo iwo amayendetsa ali pa naini. Anagwirizana kuti asanalize galimoto azipuma limodzi mphindi ziwiri, ndipo kudzudzula anthu a mumsewu kuzichitika galimoto itaima. M'mawa wotsatira mlonda wa pasukulupo anawaona awiriwo ali m'galimoto, atatsinzina, milomo ikugwedera. Poganiza kuti akupemphera, anavula chipewa n'kuima mwaulemu mpaka atamaliza, ndipo anapitiriza kutero tsiku lililonse. Panalibe amene analimba mtima kumuuza kuti ankangowerenga mpaka sikisi.

Milungu iwiri itakwana, anesi anatsegula kabukuko patebulo. Abuleki ankayembekezera kuti nambala zikuluzikulu zipezeka pa maola a Ahedi. Sizinali choncho. Ahedi ankawafikitsa pa sikisi basi. Ma eyiti ndi ma naini anali masana, nthawi imene abwana ankaimba foni kuwawonjezera wophunzira pa ola la chakudya, iwo n'kuvomera kuti chabwino bwana, m'mimba muli khofi yekhayekha, makapu asanu chiyambire m'mawa. Ena anali madzulo patebulo, ophunzira akuimba foni kufunsa matanthauzo a zikwangwani. Ndipo Lamlungu, tsiku lokhalo lopumula, linkadzaza ndi alamu, asuweni ndi anansi ofuna kuti awagwiritseko chiwongolero.

Anesi ali mkati mofotokoza, akazi awo a Abuleki anatulutsa m'chikwama buku lawo lolembamo miyezo ya makasitomala. Kumasamba akumapeto nawonso anali akulemba nambala, zawo ndi za mwana. Tsiku lonse iwo ankakhala pa thuu kapena fili, ngakhale kasitomala atabweza diresi kuti lathina pomwe wanenepa yekha. Koma tsiku lililonse hafu faivi, geti likangolira, nambala yawo inkafika pa eyiti. Ya mwana inkafika pa naini.

Abuleki anayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Hafu faivi ndi nthawi imene iwo ankafika pakhomo.

"Bwanji simunandiuze, mayi?"

"Ndikanakuuzirani pati, bambo? Mumalowa muli kale pa teni."

Apa panalibe amene anaseka. Anesi anawasiya kaye, kenako anati pamenepa palibe mlandu. Kupsinjika sikukhala mwa munthu mmodzi, kumafika ndi kwa amene amakhala naye, ndipo ubwino wake ngwakuti mtendere nawonso umayenda chimodzimodzi. Anawachenjeza kuti asayese kusintha zonse tsiku limodzi. Atatuwo anasankha zinthu zochepa: kudya masana, khofi makapu awiri okha, kuthimitsa foni nthawi ya chakudya chamadzulo, kutsika basi chapatali kuti aziyenda wapansi theka la ola asanafike pakhomo, ndi kusunga Lamlungu.

Madzulo a tsikulo Abuleki anagogoda pachitseko cha mwana wawo n'kumupepesa. Mwanayo sanadziwe koyang'ana, poti anali asanaonepo bambo ake akupepesa munthu amene sanamuponde chala. Anamupempha kuti akadzaona nambala yawo ikukwera asamathawe, azingowaonetsa ndi zala.

Kuyenda wapansi kunayamba movuta. Tsiku loyamba anayenda ndi nsapato za kuntchito n'kufika ndi matuza. Anansi anaonanso kuti akafuna kukhota pakona ankayamba atulutsa dzanja n'kucheuka kumbuyo. Koma pofika pageti mapewa ankakhala atatsika, ndipo anazolowera kuima kaye panja, kupuma kasanu, asanatsegule.

Sikuti masiku onse ankayenda bwino. Tsiku lina kunagwa mvula, anakwera basi mpaka pakhomo, ndipo analowa akukalipa kale za nsapato zimene zinasiyidwa pakhonde. Mwana uja anakweza zala zisanu ndi zitatu. Abuleki anaziwerenga, anatseka pakamwa, anatuluka, anaima pageti ndi ambulera kwa mphindi ziwiri, kenako anagogoda ngati mlendo n'kufunsa ngati eni ake alipo. Nsapato zija zinapezeka kuti zinali zawo zomwe.

Alamu awo atabwera Lamlungu, atavala kale magalasi akuda a udalaivala, Abuleki anawalandira bwino, anawapatsa tiyi, n'kuwauza kuti sukulu imatsegula Lolemba. Alamuwo anasiya kuwapatsa moni kwa milungu iwiri, kenako anakalembetsa.

Kwa abwana ndiko kunali koopsa. Ali pakhomo pa ofesi analemba eyiti, anapuma, n'kulowa. Anatsegula kabuku, anafotokoza zimene anesi anapeza, n'kukumbutsa abwanawo kuti madandaulo onse atatu aja anachitika masana, iwo asanadye. Anapempha ola limodzi la chakudya losaikapo wophunzira. Abwanawo anawerenga tsamba ndi tsamba, akutafuna mankhwala a m'mimba amene ankasunga m'dirowa. Pomaliza anavomera olalo, osati kwa Abuleki okha koma kwa aphunzitsi onse. Abuleki akutuluka, anawaitananso n'kufunsa chapansipansi kuti munthu amene chikope chimamugwedera foni ikalira angakhale pa nambala yanji.

Ahedi anapita kumayeso kachisanu n'kulepheranso, chifukwa pobwerera chammbuyo anagwetsa timigolo tonse tosonyeza malire, kupatula kamodzi kamene woyesayo anakathawitsa. Abuleki anamva nsagwada zikulumana. Anapuma, analemba faivi, n'kuwauza kuti Lolemba ayambira pa timigoloto. Ulendo wachisanu ndi chimodzi anakhoza. Nkhuku zija zinasamutsidwa, ndipo amuna awo a Ahedi anayamba kufika kuchipatala cha maso pa nthawi yake, ngakhale ankanong'oneza anzawo kuti pa maulendo amenewo kusaona bwino kuli ndi phindu lake.

Patatha miyezi itatu bipi ya Abuleki inali m'malo mwake, ndipo kuofesi sikunabwerenso dandaulo. M'kabuku munali ma fili ndi ma folo ambiri, ma seveni apo ndi apo. Anafunsa kuti pa ziro adzafika liti. Anesi anati munthu wokhala pambali pa wophunzira galimoto asafune ziro. Chofunika n'chakuti nambala ikakwera izitsikanso. Anawonjezera kuti ikadzakhala pamwamba milungu ingapo osatsika, kapena akadzayamba kutaya mtima, adzabwerenso msanga, poti kuli aphungu ndi chithandizo china. M'buku la miyezo, nambala ya hafu faivi inali itatsika kufika pa thuu, ndipo ya mwana amayi ake anali atasiya kulemba chifukwa mwanayo anati panalibenso cholemba.

Anesi anawapempha kuti m'mawa wina adzalankhule ndi anthu odikira pamabenchi a chipatalacho. Anabwera atavala malaya ositidwa bwino. Ataimirira kutsogolo n'kuona maso onse ali pa iwo, anauza anthuwo kuti panopa ali pa seveni, awadikire kaye. Anapuma pamaso pa onse, ena akuseka, ena akuyesera nawo. Kenako analankhula.

"Ine ndinkaona ngati mwamuna amangolimba mtima n'kumapita. Ndinatsala pang'ono kutaya ntchito, ndipo mwana wanga ankaopa kulira kwa geti la kwawo komwe. Ngati mutu sukusiya kupweteka, tulo palibe, mukukalipira anthu osalakwa, musabise. Bwerani akupimeni. Lembani, muone chimene chikukupanikizani. Mwina si chimene mukuchiganizira."

Atamaliza, mwamuna wina wa ovolosi, pabenchi lakumbuyo, anakweza dzanja n'kufunsa kuti kabukuko kamafunika ka masamba angati.

Kupsinjika maganizo si ulesi, ndipo si kufooka. Ndi thupi limene lakhala tcheru nthawi yaitali osapumula. Tikhoza kukuzindikira tikamamvetsera zimene thupi likutiuza, tikhoza kukuyeza polemba tsiku ndi tsiku, ndipo tikhoza kukuchepetsa pogona mokwanira, kudya pa nthawi yake, kuyenda, kupuma mozama, kukana zimene zatichulukira, ndi kulankhula momasuka ndi a m'banja mwathu. Kukapitirira, tiyeni tikaonane ndi azaumoyo. Ndipo pachifuwa pakapweteka, tisadikire mawa, tipite kuchipatala tsiku lomwelo.